Enkomenda ya a Emílio

Josias ankayendetsa shapa, minibasi yonyamula anthu, pakati pa Ulongwe ndi mzinda wa Tete. Kupatula anthu, ankanyamulanso katundu woyenda yekha: matumba a nyemba, mabatire a njinga zamoto, mankhwala, ngakhalenso mano oikirira a mayi wina wa ku Lifidzi. Munthu amakupatsa katundu ku Tete, mnzake amakalandira ku Ulongwe, nkhani n'kuthera pomwepo. Katundu wotere amamutcha enkomenda.

Tsiku lina m'mwezi wa Junyu, akudikira kuti shapa idzaze, kunabwera mayi wachitsikana wovala gauni loyera la ku farmasiya. Ananyamula kakhola kawaya kokutidwa ndi nsalu ya kapulana.

"Senyoro motorista, mukupita ku Ulongwe?"

"Ikadzaza."

"Mundinyamulireko iyi. Bambo anga akakudikirani pamsika. Dzina lawo ndi a Emílio. Nambala yawo ndi yanga ndalemba papepala ili, ndamangirira pawaya. Chonde musaiike kumbuyo ndi matumba."

Josias anavundukula kapulana. M'katimo munali mbalame yotuwa, yochepa thupi kuposa njiwa koma yamchira wautali. Nkhope inali yachikasu, tsumba lili njo pamutu, ndipo pa tsaya lililonse panali kadontho kofiirira ngati munthu wodzola mothamangira ukwati. Inamuyang'ana ndi diso limodzi, kenako inatembenuka n'kumuyang'ananso ndi linalo.

"Ndi yandiwo?" anafunsa Josias.

"Ayi."

"Nanga ndi yachiyani?"

"Ndi yongokhala nayo."

Josias sanafunsenso. Anaika kakholako kutsogolo, mayiyo anathamangira kuntchito, shapa inadzaza, ananyamuka.

Anafika ku Ulongwe dzuwa litapendeka, mphepo yozizira ikutsika kumapiri. Anthu anatsika, aliyense ndi katundu wake. Josias anavundukula kapulana kuti aone nambala, koma anapeza kuti mbalameyo inali itakokera pepala lija m'kati n'kulinyenyanyenya lonse. Chimene chinatsala chinali chingwe chokha.

Anaima pakhomo la shapa n'kufuula kuti, "A Emílio! Enkomenda ya a Emílio!"

Ku Ulongwe a Emílio alipo ndithu. Woyamba kubwera anali wokonza njinga, amene ankadikira pampu. Anasuzumira m'kakhola n'kunena kuti si pampu. Wina anatuluka m'malo omwera mowa, ananena kuti mbalameyo ndi yake ndithu, n'kuyamba kuiyeza ndi maso ngati ikwana m'kasefuliya. Josias anamufunsa dzina la mwana wake wa ku Tete. Munthuyo anaganiza nthawi yaitali, kenako anabwerera kumene anachokera.

Mdima utayamba, Josias ananyamula kakhola n'kupita nako kunyumba.

Mkazi wake Páscoa ankakazinga mbatata ya kachewere n'kumagulitsa pakhomo kwa ana a sukulu ndi anthu a m'maofesi. Mwana wawo mmodzi yekha, Zita, anali atakwatiwa ku Chimoio, ndiye m'nyumbamo munali awiriwo basi.

"Mwagula chiyani, bambo a Zita?"

"Sindinagule. Ndi enkomenda."

"Ya ndani?"

"Ya a Emílio."

"A Emílio ati?"

"Ndi zimenezo."

Páscoa anaweta nkhuku moyo wake wonse, choncho anaithirira madeya ndi chimanga. Mbalameyo inayang'ana chimangacho, n'kuyang'ana Páscoa. Anaipatsa kachewere wokazinga wothira mchere, amene ana a sukulu amalimbirana. Sinamukhudze. Poona kuti kukuzizira, anaiika m'khitchini pafupi ndi mbaula, ndipo inayamba kuyetsemula. M'mawa mwake inali itazitutumula nthenga ngati mpira wa nsanza, maso ali tsinzitsinzi, tsumba litagona.

"Ikafera pakhomo pano mukanena chiyani kwa eni ake?" anatero Páscoa.

"Ndikanena kuti yafa."

"Nyamulani tipite kwa dona Efigénia."

Efigénia anali ndi loja ya mbewu ndi mankhwala a ziweto pafupi ndi msika. Anaphunzira za ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku. Anayang'ana mbalameyo nthawi ndithu, n'kunena poyera kuti yotereyi sanaionepo. Koma anali ndi mnzake wa kusukulu amene ankakhala ku Beira, ndipo kumeneko anthu amasunga zinthu zambiri zopanda ntchito. Anaijambula, n'kumuimbira mnzakeyo. Anamvetsera nthawi yaitali akungoti, "Sim… sim… aaa… sim."

"Dzina lake ndi katura," anatero atadula foni. "Ndi m'bale wake wa chinkhwe. Kwawo kwenikweni ndi ku Australia."

"Ndiye ku Tete inafika bwanji?" anafunsa Josias.

"Zimenezo sindinafunse. Mwaipatsa chiyani?"

Páscoa anafotokoza.

"Chabwino kuti yakana. Mchere ndi mafuta si zake. Imadya timbewu ting'onoting'ono: mawere, mchewere, mapira. Mpendadzuwa imaukonda kwambiri, koma muziipatsa pang'ono chabe, chifukwa ikangozolowera imakana zina zonse n'kunenepa mpaka kudwala."

"Ngati munthu," anatero Páscoa.

"Masamba tsiku lililonse, otsuka bwino, osapopera mankhwala. Chisoso, bonongwe, kakaroti. Nthawi zina kachidutswa ka dzira lowiritsa. Peyala musadzayerekeze, limapha. Anyezi ayi, khofi ayi. Madzi muzisintha m'mawa uliwonse, mbale muzitsuka."

"Ine mbale yanga satsuka m'mawa uliwonse," anatero Josias.

"Inu simunachokere ku Australia," anayankha Páscoa.

Efigénia anapitiriza kuti utsi ndi mdani wake wamkulu, kuti m'khitchini isagonenso, kuti ikhale pamalo owala koma osadutsa mphepo, ndipo madzulo azifunditsa kakholako ndi nsalu chifukwa chisanu cha kuno si cha ku Tete. Pomaliza anati, "Ndiponso muzilankhula nayo."

"Tiziiuza chiyani?" anafunsa Josias.

"Chilichonse. Ikakhala yokha imadzizula nthenga."

Pobwerera anagula kambale ka mawere kwa mayi wina wophika thobwa. Mayiyo anafunsa ngati akufuna kufulula ndi mawere ochepa chotero. Páscoa anati ndi a mlendo.

Anaika kakhola pa tebulo la pabalaza, kutali ndi zenera losweka galasi. Mbalameyo inakhala chete mpaka masana. Kenako inatsika pa kamtengo kake, inatola njere imodzi, inaisenda ndi mlomo, inataya khoko, inatola ina. Páscoa anaimirira pakhomo ndi chipande m'manja mpaka mbatata ya pamoto inapserera.

Dzina sanaipatse, poti chinthu cha eni sutcha dzina. Ankangoti Enkomenda. Patapita masiku, Enkomendayo inayamba kutembenuka akatero.

Josias sanasiye kufufuza. Akafika ku Ulongwe ankafunsa anthu otsika ngati akudziwa a Emílio okhala ndi mwana wamkazi ku farmasiya ku Tete. Akafika ku Tete ankayang'ana magauni oyera. Analowa m'mafarmasiya angapo, koma mayi uja nkhope yake sankaikumbukira bwino, poti tsiku lija maso ake anali pa mbalame. Pobwerera ankagula mchewere wa ku Changara, umene ku mapiri kuno supezeka kawirikawiri.

Kunyumba zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Páscoa anachotsa mbaula m'khitchini n'kukakazingira kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa pichesi, kuti utsi usalowe pabalaza. Chifuwa chimene anakhala nacho zaka zambiri chinatha. Iye anati ndi pemphero. Ankadzuka m'mamawa kukathyola chisoso kumunda kwa mnansi amene sapopera mankhwala. Anazindikira kuti ukaipatsa mbewu umafunika kuuzira m'mbale, chifukwa pamwamba pamadzaza makoko okhaokha ndipo munthu umaona ngati chakudya chilipo pamene mbalame ili ndi njala. Masana kukafunda ankathira madzi pang'ono m'mbale yadothi, mbalame n'kulowamo, kutambasula mapiko, kunyowetsa tebulo lonse ndi chithunzi cha ukwati wa Zita.

Kulankhula nayo kunamuvuta masiku oyamba okha. Ankaipatsa moni, n'kukhala chete mwamanyazi. Koma posakhalitsa anayamba kuiuza mtengo wa mafuta ophikira, za mpongozi wake wa ku Chimoio, ndi za Josias. Madzulo ena Josias polowa anamva dzina lake, ndipo anabwerera panja n'kukakhala pakhonde mpaka nkhaniyo itatha.

Ndipo tsiku lina mbalameyo inaimba. Unali mluzu wa kanyimbo kamodzi kakafupi, kokwera kenako n'kutsika, kamene palibe anakadziwa. Inkafika pakati n'kuyambiranso. Efigénia atamva anati ndiye kuti ndi yamphongo, chifukwa zazikazi siziimba chotero. Inkaimba m'mawa akangochotsa nsalu, inkaimbanso ikamva shapa ya Josias ikubwera kumsewu. Páscoa ankatseka zitseko ndi mazenera n'kuitulutsa, ndipo inkauluka kuzungulira balaza n'kudzatera pa duku lake. Ikaweramitsa mutu, iye ankaikanda m'khosi ndi chala. Josias atayesa, inamuluma.

"Mumabwera ndi dzanja kuchokera pamwamba ngati kamtema," anatero Páscoa. "Muzibwera pansipansi, chala chili chopingasa."

"Ndine ndinainyamula kuchokera ku Tete."

"Sikudziwa zimenezo."

Chisanu chitayamba kuchepa, Josias ali pa malo okwerera ku Tete, wina anagogoda pa zenera la shapa. Anali mayi wa gauni loyera uja. Ananena kuti dzina lake ndi Marisa, ndipo wakhala akumufunafuna sabata yonse.

"Mbalame yanga ili kuti?"

"Ili kwathu. Ikudya."

Marisa anatsamira galimoto n'kupuma mozama. Kenako anafotokoza. Amayi ake anamwalira chaka chatha. Bambo ake, amene anali kalipentala ku mishoni ya Fonte Boa, anatsala okha m'nyumba. Anasiya kupita kumsika, anasiya kucheza, pafoni ankangoyankha kuti "ee" ndi "ayi". Ku Tete anakana kubwera, akuti kumeneko munthu amapsa ali moyo. Ndiye Marisa anaganiza zowatumizira mbalame yake, imene anaiweta kuyambira ili yaing'ono, kuti m'nyumbamo muzimveka mawu. Anawauza tsiku ndi malo. Madzulo ake anawaimbira, ndipo iwo anati yafika, ili bwino.

"Nthawi yonseyi ndikawafunsa amati ili bwino, ikudya," anatero Marisa. "Sabata yatha ndinawauza kuti aiyandikize pafoni ndiimve. Kenako ndinamva mluzu."

"Inaimba?"

"Inaimba nyimbo yolandirira Ukalistia. Ndime zonse. Pakati inatsokomola."

Josias anagwedeza mutu. "Sinabwere kumsika nkhalambayo."

"Sanatuluke n'komwe pakhomo. Ndakupemphani, senyoro, mukawapatse m'manja. Ine kuntchito sandilola kuchoka mwezi uno."

Josias atafika kunyumba anafotokozera mkazi wake zonse. Páscoa anamvetsera akusenda mbatata. Anasenda mbatata zambiri kuposa zimene akanagulitsa. Lamlungu m'mawa anatsuka kakhola, anamanga mawere ndi mchewere m'timapepala tosiyana, anavala kapulana yatsopano, n'kukakhala kutsogolo kwa shapa, kakhola kali pamiyendo.

Ku Fonte Boa anafunsa anthu otuluka m'tchalitchi, ndipo anawalozera nyumba ya njerwa zootcha kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Pabwalo panali posesa bwino. Benchi ya ukalipentala inali pakhonde itakutidwa ndi thumba. A Emílio anali atakhala pampando, atavala jekete ndi chipewa chaubweya, manja ali pamawondo. Anali munthu wamtali, wowonda, wa nsidze zoyera.

Analonjerana mwaulemu wonse. Anafunsana za kumene achokera, za chisanu, za mbatata. Kenako Josias anaika kakhola pansi n'kuchotsa nsalu.

"Bambo, iyi ndi enkomenda yanu. Yachedwa pang'ono."

A Emílio anayang'ana kumbali. "Ndinamuuza mwanayo kuti sindikufuna mbalame."

"Iye akuti munati yafika."

"Ndinati yafika. Kodi sinafike?"

Josias anaganiza, n'kuona kuti pamenepo palibe bodza lenileni.

"Siivuta, bambo," anatero Páscoa ndi mawu otsika. "Mawere pang'ono, chisoso, madzi. Ndikusonyezani."

"Mayi, ine ndinadyetsa munthu ndi supuni miyezi yambiri m'nyumba umu. Kenako ndinamukhomera bokosi ndekha. Sindikufunanso chinthu chodya m'manja mwanga. Bwererani nayo."

Mbalameyo inayamba kanyimbo kake, inafika pakati, n'kuyambiranso. Páscoa anawerama kuti afunditse kakhola, ndipo Josias anaona kuti manja a mkazi wake akufulumira kuposa mmene mwambo ukanafunira.

Akunyamuka, a Emílio analankhula osawayang'ana. "Kamtengo kamene yaimapo ako ndi kapulasitiki."

"Kanabwera nako," anatero Josias.

"N'koterera. Ndiponso n'kochepa. Zala zake zikukumana pansi."

Anatsanzikana.

Loweruka lotsatira, Páscoa akukazinga kuseri kwa nyumba, anamva belu la njinga. Anali a Emílio, thukuta lili kamukamu pansi pa chipewa chaubweya. Anali atafunsa njira kwa anthu a pamsika. M'manja anali ndi nthambi ya mgwafa yotsukidwa bwino, mbali ina yonenepa, mbali ina yowonda, m'mapeto mosemedwa timipata tolowera waya.

"Ndimangodutsa," anatero.

Nyumba ya Josias inali kumapeto kwa kanjira kosapita kulikonse. Páscoa anawalowetsa. Iwo anachotsa kapulasitiki kaja, anaika nthambiyo, n'kuigwedeza kuti aone ngati yagwira. Mbalameyo inaiopa poyamba, inakakamira pawaya tsumba lili chilili. Kenako inakwerapo n'kuyamba kuisenda makungwa.

"Ikuwononga," anatero Páscoa.

"Ikunola mlomo. Ndibweretsa ina."

Anadya nawo chakudya chamasana chifukwa Páscoa anali ataika kale mbale. Sanalankhule zambiri. Pochoka ananena kuti kakholako n'kochepa, mchira ukukhudza waya.

Loweruka linalo anabwera ndi tepi yoyezera. Linalo anabwera atamanga matabwa ndi waya pakaliyala, ndipo anakhoma khola lalikulu pakhonde la Josias, lokhala ndi kabati kapansi kosolola pochotsa zitosi. Utoto anakana kupaka, akuti mbalame yodya pepala singasiye utoto. Khola litatha, anthu anaganiza kuti ulendo wathanso. Koma Loweruka lotsatira anabwera kudzaona ngati chitseko chikutsekeka. Chinkatsekeka. Anabweranso kudzaona ngati chikutsekekabe.

Mbalameyo sankaiyang'ana mwachindunji, ndipo sankalankhula nayo. Ankalankhula ndi Páscoa za mbalameyo. Ankati madzi awayandikiza kwambiri pansi pa nthambi, zitosi zigweramo. Ankati mpendadzuwa wachuluka. Atamva kuti imafuna chinthu cholimbitsa mafupa, anabwera ndi makoko a mazira owiritsa n'kusinja okha. Kuchoka pa mbalame nkhani inkapita ku mitengo, ku denga la tchalitchi limene anakhoma ali mnyamata, ku mkazi wawo Fernanda amene sankadziwa kuphika nyemba koma palibe anamuuza mpaka imfa. Josias akaweruka msanga ankawapeza atavula chipewa, akutsutsana ndi Páscoa ngati anthu odziwana kalekale.

Tsiku lina mbalameyo inachoka pa duku la Páscoa n'kukatera paphewa pa a Emílio. Iwo anauma thupi lonse. Inayenda mpaka pa kolala, inayang'ana nsidze yoyera ija, n'kuyamba kuipesa ndi mlomo, tsitsi limodzilimodzi.

"Mayi, chotsani chinthu chanuchi."

"Si changa, bambo."

Sanaichotse, iwonso sanasunthe. Tiyi wawo anazizira.

Mvula yoyamba inagwa m'mwezi wa Novembala, ndipo Loweruka limenelo a Emílio sanabwere. Páscoa anati ndi matope. Linalo sanabwerenso. Madzulo ake Marisa anamuimbira Josias, poti tsopano anali ndi nambala yake. Bambo ake anagwa panjinga pa chitsikiro choterera, ali panjira yobwera ku Ulongwe. Mwendo unathyoka pafupi ndi kakolo. Kuchipatala anaumanga n'kuwabweza kunyumba. Mlongo wawo wa ku Lifidzi ankabwera kudzawaphikira, koma iwo anali atabwereranso ku "ee" ndi "ayi".

Páscoa anamva zonsezi ali chiimire pafupi ndi khola. M'mawa mwake sanayatse mbaula. Anatulutsa kakhola kakale kaja, anaikamo mbalame, anakafunditsa bwino, n'kuitana njinga yamoto yahayala.

"Mukupita kuti, mayi a Zita?" anafunsa Josias.

"Kukapereka enkomenda. Inu munalephera."

"Ananena kuti sakuifuna."

"Mubwere ndi khola lalikululo madzulo."

Anawapeza a Emílio ali gone pabedi, mwendo woyera ndi pulasitala uli pa pilo, maso ali kudenga. M'chipindamo munkanunkha chinyezi. Páscoa anatsegula katani, anakoka kampando, n'kuikapo kakhola pafupi ndi zenera.

"Mwabweretseranji?"

"Ine ndatopa nayo. Ikundidyera nthawi."

A Emílio anamuyang'ana nthawi yaitali. Páscoa anayang'ana pansi, akukonza nsalu imene inali yokonzeka kale.

"Pamenepo pamadutsa mphepo," anatero mkuluyo pomaliza. "Sendezani kuno."

Anasendeza. Anamusonyeza mlongo wawo uja kauziridwe ka makoko, anamuuza za peyala ndi za utsi, anabwereza za peyala. Atatuluka panja anaima kaye pansi pa bulugamu mpaka wa njinga yamoto analiza hutala.

Masiku otsatira Páscoa anali wovuta kukhala naye. Ankadzuka m'mamawa, kufika pabalaza, kupeza tebulo lokha. Anakalipira ana a sukulu chifukwa chophokosera, pamene ana a sukulu aphokosera chilengedwere dziko. Josias anati ku Tete akhoza kufunsa kumene zimapezeka, agule ina.

"Ndani wakuuzani kuti ndikufuna mbalame?" anatero Páscoa.

Koma Misa ya Lamlungu anayamba kukamvera ku Fonte Boa, akuti kumeneko kwaya imaimba bwino. Akatuluka ankapita kuseri kwa mabulugamu ndi kamtolo ka chisoso. Mbalameyo ikangomva mawu ake inkakuwa mpaka atsegule khola. Inkakhala pa duku lake nthawi yonse ya macheza, kenako iye akamanyamuka inkabwerera paphewa pa a Emílio popanda kukakamizidwa. Kanyimbo kake kaja kanali katasintha: kankayamba monga kale, koma pakati kankakhotera ku nyimbo ya tchalitchi.

Atamasula mwendo, a Emílio anayamba kuyenda ndi ndodo imene anasema okha. Anadandaula kuti mawere a kumsika ndi afumbi, ena ofuka, ndipo munthu sadziwa chimene anathiramo posunga. Choncho anatenga khasu n'kulima kachigawo kuseri kwa nyumba, pamene Fernanda ankadzala nyemba, n'kufesa mawere awoawo. Aka kanali koyamba kugwira khasu chimwalirire mkazi wawo. Mvula inagwa bwino. Mawere anamera, anakula, anatulutsa ngala zonenepa.

Ngala zitangoyamba kukhwima, mpheta zonse za m'boma la Angónia zinamva. Zinkabwera m'mawa ngati utsi. A Emílio anamanga zitini pazingwe, anaimika chiopsezo chovala jekete lawo lakale, koma mpheta zinkatera pa jeketelo popuma. Ndiye anayamba kulondera okha, kuyambira mbandakucha, ndodo kudzanja lina, chitini kudzanja linalo.

M'mwezi wa Abril Marisa anapeza tchuthi. Anakwera shapa ya Josias, anakhala kutsogolo, ndipo Josias anakamutula mpaka ku Fonte Boa, Páscoa ali nawo. Asanafike n'komwe pabwalo anamva mawu a mwamuna akukuwa kuseri kwa nyumba, mawu aakulu omveka mpaka kutchalitchi.

"Psuuu! Chokani! Mbava inu! Si zanu izi!"

Marisa anaima. "Ndi ndani ameneyo?"

"Ndi bambo anu," anatero Páscoa.

Anazungulira nyumba. Mkuluyo anali pakati pa mawere, chipewa chitagwa pansi, akugwedeza chingwe cha zitini. Khola linali pamthunzi pakhonde la kuseri, ndipo mbalame inali m'katimo ikudya ngala yaiwisi mosafulumira, ikuonerera.

"Bambo!" anaitana Marisa.

A Emílio anatembenuka. Anamuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato zake zoyera za mumzinda.

"Wafika? Wayenda bwino? Tenga chitini icho, ukaime kumapeto uko. Zikumalowera kumeneko."

Marisa anaika chikwama pansi, anavula nsapato, n'kutenga chitini. Páscoa anapatsidwa mbali ya kumtsinje. Josias anati iye ali ndi anthu omudikira ku Ulongwe, koma anapatsidwa chivundikiro cha poto ndi mtengo. Anamenya zitini mpaka dzuwa linafika paliwombo, mpheta zitapita kukapuma, ndipo kenako analowa m'nyumba kukamwa tiyi.